Chigamba cha pa Bwato: Phunziro la Luso Lomata Zidutswa

Mukatsika minibasi pa Ngala, pa msewu wa M5 kumpoto kwa Dwangwa, n'kulowera kunyanja m'mawa asodzi atangokocheza, maso anu adzathamangira ku usipa umene amayi akuyanika pa thandala. Ulendo uno isiyeni kaye nsombayo. Pitani pamene pagona mabwato akale, munjute pafupi ndi limodzi, muyang'ane m'mbali mwake. Pamene mtengo unang'aluka, mwini wake anakhomerapo chidutswa cha chigubu chachikasu cha mafuta ophikira. Pambali pake pali kachidutswa ka lata kochita dzimbiri, mzere wa timisomali, phula lakuda lotseka m'mphepete, ndi pulasitiki wabuluu wa ndowa imene inasweka kalekale. Chigamba china chakwera pa chinzake, ndipo munthu wodziwa angathe kukuuzani chimene chinayamba kukhomedwa ndi chimene changobwera chaka chino.

Msodziyo ankangofuna kuti madzi asalowe m'bwato. Komabe chimene wapanga chili pa chibale ndi luso lina limene linasintha kaphunzitsidwe ka zojambulajambula pa dziko lonse. Lusolo limatchedwa kolaji.

Ambiri mwa inu mudzakhala aphunzitsi, ena ndinu kale aphunzitsi a ana kumpingo. Mudzamva, kapena mudzanena nokha, dandaulo lodziwika lija: "Tiphunzitsa bwanji zaluso popanda penti, popanda mapepala, popanda burashi?" Zotsatira zake timazidziwa. Nthawi ya Expressive Arts ikakwana, mphunzitsi amalemba manotsi pa bolodi, ana n'kukopera, kuloweza, n'kukayankha mafunso pa mayeso a Sitandade 8 asanapangepo kanthu ndi manja awo. Phunziro lino likufuna kuonetsa kuti sukulu zina zotchuka za luso zinayambira pa kusowa komweku, ndipo zinapezapo njira imene mphunzitsi wa pa Ngala angagwiritse ntchito mawa lomwe.

Kolaji n'chiyani?

Dzinali linachokera ku liwu la Chifalansa lotanthauza kumata. Kolaji ndi chithunzi chopangidwa pomata kapena kusokerera pamodzi zidutswa za zinthu zimene zinali kale ndi ntchito ina: nyuzipepala, nsalu, tikiti, tsamba, chithunzi chodulidwa m'magazini. Wojambula wamba amayamba ndi pepala loyera n'kuikapo mizere yake. Wopanga kolaji amayamba ndi mulu wa zinthu zimene anthu ena anapanga, anagwiritsa ntchito n'kutaya.

Anthu akhala akumata ndi kusokerera zidutswa kuyambira makedzana, koma mabuku a mbiri ya luso amatchula chaka cha 1912 monga pamene njirayi inalowa m'ntchito ya akatswiri ojambula a ku Ulaya. Chaka chimenecho ku Paris, Pablo Picasso anamata pa chithunzi chake chidutswa cha nsalu yoyala patebulo, imene inali ndi zolemba zooneka ngati zoluka za pa mpando, ndipo anazunguliza chithunzicho ndi chingwe chenicheni. Mu September chaka chomwecho mnzake Georges Braque anagula mu sitolo ina ku Avignon pepala lomata pakhoma looneka ngati thabwa, analidula, nalimata pa pepala loyera, n'kujambulapo mbale ya zipatso ndi tambula pogwiritsa ntchito makala.

Zikumveka ngati zazing'ono, koma zinagwedeza mwambo wa zaka mazanamazana. Kufikira nthawi imeneyo, katswiri ankatamandidwa chifukwa chotha kutsanzira thabwa ndi penti mpaka woona n'kunyengeka. Tsopano anthu awiriwa anafunsa kuti: ngati chinthucho chilipo, bwanji osachiika chomwecho pa chithunzi? Kuyambira pamenepo luso linayamba kuyezedwanso ndi nzeru ya kusankha ndi kuika, osati kuongoka kwa dzanja kokha.

Wotola, wodzudzula ndi wodwala

Anthu atatu akutithandiza kuona zimene njirayi imatha kuchita.

Woyamba ndi Kurt Schwitters wa ku Hanover, m'dziko la Germany. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha mu 1918, dziko lake linali pa umphawi. Iye ankayenda m'misewu akutola matikiti otayidwa, mapepala okulungira katundu, timatabwa ndi mawaya, n'kumapanga nazo zithunzi. Ntchito yake yonse anaitcha Merz, dzina limene analipeza pa kachidutswa ka pepala lotsatsa banki ina, pamene panangotsala zilembo zinayi za liwu lalitali. Ngakhale dzina la luso lake linali lotola.

Wachiwiri ndi Hannah Höch wa ku Berlin. Mu 1919 ndi 1920 anadula zithunzi za andale, akuluakulu a asilikali, ovina ndi makina m'manyuzipepala, n'kuzisakaniza: mutu wa uyu pa thupi la uyo. Pa kona ina ya chithunzi chake chotchuka anamatapo kamapu koonetsa mayiko a ku Ulaya kumene amayi anali ndi ufulu wovota. Ndi sizasi ndi guluu basi anatha kudzudzula akuluakulu a dziko lake.

Wachitatu ndi Henri Matisse wa ku France. Atachitidwa opaleshoni yaikulu mu 1941, sankathanso kuima nthawi yaitali pojambula. Omuthandiza ankapaka mapepala penti ya mitundu yowala, iye n'kumadula ndi sizasi ali pa njinga ya olumala kapena pabedi, kenako n'kuwauza pomata. Chithunzi chake chachikulu cha nkhono, cha mu 1953, anachipanga ali ndi zaka zoposa 80, chaka chimodzi asanamwalire.

Mmodzi anasowa chuma, wina anali ndi mawu ofuna kunena, wina thupi linamukana. Onse anapeza khomo pa zidutswa.

Mphunzitsi amene anayambira kudzala

Tsopano tifike pa munthu amene anasandutsa zidutswa kukhala njira yophunzitsira. Josef Albers anali mphunzitsi wa sukulu ya pulayimale ku Germany. Mu 1920, ali ndi zaka 32, analowa monga wophunzira pa sukulu yatsopano ya luso yotchedwa Bauhaus, imene Walter Gropius anaikhazikitsa ku Weimar mu 1919. Ndalama zogulira zipangizo analibe. Ankapita kudzala la mzindawo ndi chikwama ndi hamala, n'kumatola mabotolo osweka, ndipo magalasiwo ankawalumikiza ndi waya kupanga zithunzi zowala dzuwa likawomba. Mu 1923 anayamba kuphunzitsa nawo kalasi ya ophunzira ongofika kumene.

Wophunzira wake wina, Hannes Beckmann, anadzafotokoza za tsiku loyamba m'kalasi imeneyo. Albers analowa atanyamula mtolo wa manyuzipepala, anagawira aliyense, nawauza kuti dziko ndi losauka, palibe chotaya, choncho apange kanthu kuchokera pa pepalalo molemekeza chimene pepala lili, makamaka popanda guluu kapena sizasi. Kenako anatuluka. Pobwera anapeza ena apanga timaboti, ena tinyumba, ena tinyama. Zonsezo sanazilabadire. Anatola ntchito ya mnyamata wina amene anangopinda nyuzipepala m'litali n'kuiimika. Anaonetsa kalasi kuti pepala, limene nthawi zonse limagona ofooka, tsopano laima lokha, ndipo mbali zake zonse ziwiri zikuoneka. Mnyamatayo anali ataphunzira kanthu za pepala. Anzake aja anali atangobwereza zimene ankadziwa kale.

Mu 1933 boma la chipani cha Nazi linachititsa kuti Bauhaus itsekedwe. Chaka chomwecho Josef ndi mkazi wake Anni, katswiri woluka nsalu, anaitanidwa ku America.

Koleji ya Black Mountain

Amene anawaitana anali koleji yaing'ono yongotsegulidwa kumene m'mapiri a North Carolina, yotchedwa Black Mountain College. Anaiyambitsa mu 1933 ndi John Andrew Rice ndi anzake ochepa, iye atachotsedwa ntchito pa koleji ina ku Florida. Maganizo awo, amene anatsamira pa ziphunzitso za John Dewey, anali akuti munthu amaphunzira pochita, ndipo zaluso ziyenera kukhala pakati penipeni pa maphunziro a aliyense, kaya adzakhala dokotala, mlimi kapena loya. Ophunzira ndi aphunzitsi ankadyera pamodzi, kulima munda wa koleji, ndipo mu 1940 ndi 1941 anamanga ndi manja awo nyumba yophunziriramo pafupi ndi kanyanja kotchedwa Lake Eden. Amene munaphunzirapo pa sukulu imene ntchito ya manja ili mbali ya maphunziro, moyo wotere si wachilendo kwa inu.

Albers anafika akudziwa Chingerezi chochepa kwambiri. Atafunsidwa chimene wabwera kudzachita, anayankha ndi mawu ochepa amene anali nawo: kutsegula maso. Anakhala pa kolejiyo zaka 16 akuchita zomwezo.

Koleji inali yosauka, ndipo zipangizo zake zambiri zinali zotola. M'phunziro lina ophunzira ankasonkhanitsa zinthu zosiyana khungu, zosalala ndi zokhakhala, zonyezimira ndi zothima, monga makungwa, mchenga, zigoba za mazira, thonje ndi lata, n'kumaziika pafupi kuti aone mmene chimodzi chimasinthira maonekedwe a chinzake. Nthawi zina ntchito inali yopangitsa chinthu cholimba kuoneka chofewa, kapena chotchipa kuoneka chamtengo wapatali, osachipaka kanthu, kungosintha choyandikana nacho. Nyengo imene masamba a mitengo ya kumeneko amafiira ndi kuchita chikasu asanayoyoke, ophunzira ankatola masambawo n'kumawamata pa mapepala a mitundu kuti aphunzire za mitundu. Anni Albers nayenso, pamodzi ndi wophunzira wake Alex Reed, anapanga mikanda ya m'khosi kuchokera ku mapini a tsitsi, timawaya topanira mapepala ndi kasefa ka mu sinki.

Pophunzitsa za mitundu, Albers ankakonda mapepala odula kuposa penti, ndipo zifukwa zake ndi zomveka kwa mphunzitsi aliyense wa kumudzi. Pepala ndi lotchipa. Silifuna kusakaniza kapena kudikira kuti liume. Mungadule pepala limodzi pawiri n'kukhala otsimikiza kuti zidutswa zonse ziwiri ndi za mtundu umodzi ndendende. Ndipo mungasunthe chidutswa kakhumi musanamate. Ntchito yake yodziwika kwambiri inali iyi: tengani tizidutswa tiwiri ta pepala limodzi, kena muike pa pepala lowala, kena pa pepala lodera. Maso adzalumbira kuti ndi mitundu iwiri yosiyana. Apa wophunzira amazindikira yekha kuti zimene akuona zimadalira zimene zazungulira chinthucho. Maphunziro amenewa anadzatuluka m'buku lotchedwa Interaction of Color mu 1963, Albers atasamukira ku yunivesite ya Yale, ndipo sukulu za luso zikuligwiritsabe ntchito lero.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kalasi ya Albers inali sukulu ya kudekha kumeneko.

Zimene ophunzira anatuluka nazo

Pa zaka 24 zimene kolejiyo inakhalapo, panadutsa ophunzira pafupifupi 1,200 okha, chiwerengero chimene sukulu imodzi ya pulayimale ya m'mbali mwa nyanja ingathe kuchipitirira chaka chimodzi. Koma mwa ochepawo munatuluka anthu amene anasintha luso la ku America.

Ruth Asawa, mwana wa alimi ochokera ku Japan, anafika mu 1946 atakhalapo m'misasa imene boma la America linatsekeramo anthu a mtundu wake pa nthawi ya nkhondo yachiwiri. Pogwira ntchito kochapira zovala za pa koleji, anatenga chidindo chodindira nsalu n'kumachidinda mobwerezabwereza pa pepala mpaka zilembo zake zinasanduka maluwa a nsalu. Anadzatchuka ndi zoluka za waya, ndipo anathera zaka zambiri akulimbikitsa maphunziro a zaluso m'sukulu za boma ku San Francisco.

Robert Rauschenberg anafika mu 1948. Albers anali wokhwimitsa zinthu ndipo sankamuyamikira, koma Rauschenberg anadzanena kuti ameneyo ndiye anali mphunzitsi wake wofunika kuposa onse. Mu 1955 anatenga pilo, nsalu yofunda ndi bulangete la zigamba, anazikhomera pa thabwa, anazipaka penti n'kuzipachika pakhoma. Ntchito imeneyo, yotchedwa Bed, lero ili ku Museum of Modern Art ku New York.

Kolejiyo inatsogolanso pa nkhani ya tsankho. M'dera limene sukulu za azungu sizinkalola anthu akuda, inalandira Alma Stone Williams mu 1944, ndipo mu 1946 inaitana katswiri wakuda Jacob Lawrence kudzaphunzitsa.

Mapeto ake ali ndi phunziro lakelake. Albers anachoka mu 1949 pakati pa mikangano ya kayendetsedwe ka koleji. Ophunzira anachepa, ngongole zinakula, ndipo mu 1957 koleji inatsekedwa. Maganizo abwino a kaphunzitsidwe salipira okha malipiro a aphunzitsi. Sukulu imafunanso msungichuma wokhulupirika ndi anthu otha kumvana.

Kwathu kuno

Luso limeneli lili ndi akatswiri ake mu Africa, ndipo mmodzi mwa odziwika kwambiri ndi mwana wa kwathu. Billie Zangewa anabadwira ku Blantyre mu 1973, anakulira ku Botswana, anaphunzira zaluso pa yunivesite ya Rhodes ku South Africa, ndipo amakhala ku Johannesburg. Iye amadula tizidutswa ta nsalu ya silika n'kutisokerera ndi singano pa manja, kachidutswa pamwamba pa kanzake, mpaka nkhope ya munthu, kuwala kwa pa zenera kapena makwinya a diresi zitaoneka. Nkhani za zithunzi zake ndi za pakhomo: mayi ali kukhitchini, mayi ndi mwana wake, munthu akupuma atatopa. Amaonetsa ntchito za amayi zimene anthu saziwerengera. Kawirikawiri m'mphepete mwa zithunzi zake simukhala mowongoka, pena pamakhala ngati padulidwa, ndipo iye amasiya choncho. Mu 2004 analandira mphotho ya Gerard Sekoto ku South Africa, ndipo mu 2021 nyumba yoonetsera zaluso ya Museum of the African Diaspora ku San Francisco inachita chionetsero cha ntchito zake zokha. Mukadzaona mulu wa tizidutswa ta zitenje pansi pa makina a telala pa Ngala, mudzakumbukire mayi ameneyu.

Ku South Africa komweko kuli Sam Nhlengethwa, wobadwa mu 1955, amene anaphunzira pa sukulu ya luso ya mpingo wa Lutheran ku Rorke's Drift pa nthawi imene boma la tsankho linkatsekera anthu akuda mwayi wa maphunziro otere. Iye amadula zithunzi za m'magazini n'kuziphatikiza ndi penti pofotokoza moyo wa m'makomboni, wa m'migodi ndi wa oimba jazi. Mu 1990 anapanga kolaji yokumbukira imfa ya Steve Biko.

El Anatsui, wa ku Ghana, amene anaphunzitsa pa yunivesite ya Nsukka ku Nigeria kuyambira 1975, amasonkhanitsa zitsekerero za mabotolo a mowa, kuziphwanya kuti zikhale zaphwatalala, n'kuzilumikiza ndi waya wa kopa, masauzande ambirimbiri, mpaka zitakhala ngati chinsalu chachikulu chonyezimira. Zitsekererozo zimakumbutsa mbiri ya mowa umene azungu ankasinthanitsa ndi akapolo m'mbali mwa nyanja ya kumadzulo kwa Africa. Mu 2023 ntchito yake inadzaza holo yaikulu ya Tate Modern ku London.

Ngakhale mabwato a zigamba aja akopa kale aluso a ku Malawi. Gulu lotchedwa Ozhopé, limene mmodzi mwa oliyambitsa ndi Massa Lemu, lagwirapo ntchito ndi asodzi ndi mabwato akale m'mbali mwa nyanja yathu, pofuna kudzutsa mafunso pa nkhani yofufuza mafuta pansi pa nyanjayi. Ndipo m'misika ya ziboliboli mumapezeka makhadi ndi zithunzi za midzi zopangidwa ndi makungwa ouma a nthochi. Imeneyonso ndi kolaji.

Chigamba ndi kolaji zisiyana pati?

Tibwerere pa bwato lija. Msodzi posankha chigamba amafunsa funso limodzi: kodi chigwira? Pofunsa funso limeneli amasonyeza kuti amadziwa zinthu zake bwino, monga Albers ankafunira. Amadziwa kuti pulasitiki wa chigubu amapindika osasweka, kuti lata limadyeka ndi madzi, kuti msomali ukayandikira m'mphepete umang'amba. Mwana amene amapanga galimoto ya mawaya kapena mpira wa majumbo ali ndi nzeru yomweyi. Ana athu safika m'kalasi opanda kanthu.

Wopanga kolaji amawonjezera funso lachiwiri: chidutswa ichi chikakhala pafupi ndi icho, chikunena chiyani? Chidutswa chilichonse chimabwera ndi mbiri yake. Khadi la mayunitsi lokandidwa kale likunena za ndalama imene inatha polankhula ndi wachibale ali ku Joni. Chidutswa cha thumba la shuga, kwa mwana wa kufupi ndi Dwangwa, chikunena za ntchito ya atate ake m'minda ya nzimbe. Tiyerekeze kuti mwana wauzidwa kupanga chithunzi cha nyanja, ndiye pamalo a ukonde wamatapo chidutswa cha neti ya udzudzu, m'kati mwake waikamo tinsomba ting'onoting'ono todula pa pepala lonyezimira. Mwanayo sanalembe chiganizo chilichonse, koma wanena nkhani imene akuluakulu a pagombe amaidziwa ndipo sakonda kuikamba: maneti operekedwa kuti ateteze ana ku malungo akukokolola nsomba zosakhwima. Mphunzitsi wanzeru apa wapeza poyambira phunziro la zaumoyo, la zachilengedwe ndi la chilungamo nthawi imodzi.

Ntchito ya mphunzitsi ndi kutenga nzeru ya chigamba imene ana ali nayo kale n'kuifikitsa pa funso lachiwirili.

Tiyeseni: maphunziro atatu opanda penti

Choyamba konzani guluu. Kuno ku Nkhotakota ufa wa kondowole sitisowa. Sungunulani masupuni awiri a ufa wosefa bwino m'kapu imodzi ya madzi ozizira, ikani pamoto wochepa mukutakasa mpaka phala litalimba pang'ono n'kuyamba kuoneka ngati galasi. Thiranimo kamchere, lisiyeni lizizire. Pangani lokwanira tsiku limenelo lokha chifukwa limasasa msanga. Pomatira gwiritsani ntchito makatoni a m'magolosale. Ntchito ikatha iumitseni pamthunzi mutaipsinja ndi chinthu cholemera, kenako muipachike, chifukwa mphemvu ndi chiswe zimakonda phala limeneli.

Phunziro loyamba ndi la khungu la zinthu. Tumani ana kuti aliyense abwere ndi zinthu zisanu zotola: mchenga wa kunyanja, mankhusu a mpunga, khungwa la nthochi, chidutswa cha ukonde, bango, nthenga, chigoba cha nkhono, patapata woduka. Asapange nyumba, munthu kapena nsomba. Angoziyala pa katoni kuyambira chosalala kwambiri kufikira chokhakhala kwambiri, kenako asinthe kuti chosalala chigundane ndi chokhakhala. Afunseni chimene chasintha. Ena adzadandaula kuti sichikuoneka ngati kanthu. Auzeni kuti lero tikuphunzira kuona, kupanga chithunzi kubwera pambuyo.

Phunziro lachiwiri ndi la mitundu. Dulani tizidutswa tiwiri tofanana pa envulopu ya khaki kapena pa thumba la simenti. Kena ikani pakati pa nsalu yakuda, kena pakati pa pepala loyera kapena pulasitiki wachikasu. Imikani ana patali pang'ono, muwafunse kowala kwambiri ndi kati. Akatsutsana mokwanira, chotsani tizidutswato mutigundanitse. Phokoso limene lidzabuke m'kalasi ndi umboni wakuti phunziro lalowa.

Phunziro lachitatu ndi la nkhani. Perekani mutu umodzi wochokera m'moyo wawo, monga "Tsiku la mwera" kapena "Amayi anga m'mawa". Lamulo likhale lakuti asamate kanthu mpaka atayesa kuyala zidutswa zawo m'njira zitatu zosiyana, ndipo pomaliza achotsepo chidutswa chimodzi chimene chithunzi chingakhale bwino popanda icho. Kenako pachikani ntchito zonse, mwana aliyense afotokoze chifukwa chimene anasankhira chidutswa chimodzi. Popereka malikisi musayang'ane ukhondo wokha. Yang'anani ngati mwana wasankha mwadala ndipo angathe kunena chifukwa chake.

Kalasi ikakhala ya ana 100, agaweni m'magulu a anthu asanu ndi atatu pa katoni imodzi yaikulu. Sizasi zikasowa, ang'ambe ndi manja. M'mphepete mong'ambika muli kukongola kwake. Musawapatse malezala.

Machenjezo atatu

Loyamba: zotola zikhale zotoladi. Mwana asadule buku la ku laibulale, chitenje cha amayi ake kapena ukonde umene ukugwira ntchito. Zotola pagombe zitsukidwe, ndipo mabotolo osweka, mbedza ndi malata akuthwa atsale kwa akuluakulu.

Lachiwiri: sizasi imene imanena zoona imathanso kunama. Hannah Höch poika mutu wa munthu pa thupi la wina ankasiya msoko poyera kuti aliyense aone kuti ndi zodula. Lero foni imachita zomwezo msoko osaoneka, ndipo zithunzi zotere zimayenda pa WhatsApp n'kuwononga mbiri za anthu. Mwana amene wadulapo ndi kumata chithunzi ndi manja ake amaphunzira kufunsa kuti: chithunzi ichi chadulidwa pati, ndipo chimene chachotsedwa n'chiyani? Muphunzitseninso kuti nkhope ya mnzake si chidutswa chongotola. Apemphe kaye chilolezo.

Lachitatu: kolaji isakhale chifukwa choti akuluakulu a sukulu aleke kugula zipangizo. Albers yemweyo ankaphunzitsanso kujambula ndi pensulo mokhwima kwambiri, ndipo mwana wa pa Ngala ayenera kudzagwirako burashi monga mwana wa ku Lilongwe. Pitirizani kupempha pa misonkhano ya komiti ya sukulu. Koma pamene mukudikira yankho, ana a chaka chino asatuluke sukulu asanapangepo kanthu. Gombe lili pafupi, ndipo telala amasesa tizidutswa take madzulo aliwonse.

Mafunso okambirana

1. Albers sanalabadire timaboti ndi tinyumba ta pepala, koma anayamikira nyuzipepala yongopindidwa. Kodi anachita chilungamo? Inu mukanapereka malikisi otani, ndipo chifukwa chiyani?

2. Tchulani zinthu zitatu zimene anthu a kwanu amapanga kuchokera ku zotayidwa. Ndi nzeru yanji ya zipangizo imene wopangayo ali nayo, imene simungaipeze m'buku?

3. Billie Zangewa amasankha kuonetsa ntchito za pakhomo. Ndi ntchito iti ya kwanu imene anthu saiona, imene mungafune kuiika pa chithunzi? Mungagwiritse ntchito zidutswa ziti?

4. Black Mountain College inali ndi aphunzitsi aluso koma inatsekedwa patatha zaka 24. Kodi sukulu kapena gulu limene inu mulimo lingaphunzirepo chiyani?

5. Munalandirapo chithunzi pa foni chimene pambuyo pake munazindikira kuti chinali chodula? Munachita nacho chiyani?

Zoti muchite sabata ino

Tolani zidutswa khumi pa mtunda umene mumayenda tsiku ndi tsiku, kuchokera kogona kukafika m'kalasi. Pangani nazo kolaji imodzi pa katoni yosaposa kukula kwa kope. Bwerani nayo pa tsiku lokumananso gulu lanu, ndipo musanafotokoze kalikonse, lolani anzanu anene kaye zimene akuona.